Ndalama za m'mipendero ya makatani

Tadala, bwerezanso zimene wanenazo, koma m'Chichewa, chifukwa Chizungu chako chimathamanga kuposa makutu anga. Akuti kusukulu kwanu kuli mtsutso, ndipo iwe akuika mbali yonena kuti ndalama zachitsulo zithe, anthu azingogwiritsa ntchito zapepala ndi za m'foni. Chabwino. Khala apo pa mpando wa makasitomala. Nawenso Lesedi, chotsa tizingweto m'makutu ukhale pafupi ndi mkulu wako, ndipo usandiyankhe m'Chitswana kuti "ee rra" ngati ndine wapolisi wa pamsewu. Ine ndine agogo ako.

Ndiyambe ndi kukuthandiza, poti umaganiza kuti nkhalamba iliyonse imakana zatsopano. Ndalama zachitsulo zimaboola matumba. Zimenezi usakafunse aphunzitsi, funsa ine telala, amene ndakhala ndikusoka matumba a mathalauza mu Gaborone muno kuyambira amayi anu asanabadwe. Zimalemera, zimagwera m'mipando ya kombi, ndipo faifi thebe ikagwa pansi masiku ano ngakhale mwana saiweramira. Kwathu ku Malawi tambala anatha kalekale, anangotsala m'dzina. Lemba zimenezo, ndakupatsa ulere.

Ndipo zatsopanozi ine ndimazigomera. Tsiku lija munanditengera kusitolo, amayi anu anangogunditsa khadi pa kamakina, kamakinako kanalira kamodzi, basi ufa, mafuta ndi sopo zakhala zathu. Ndinaima n'kumayang'ana manja a mtsikana wogulitsayo, kuti mwina wapatsidwa kanthu mobisa. Ayi ndithu, panalibe chimene chinachoka m'dzanja la munthu kupita m'dzanja la mnzake. Mpaka lero ndimadabwa nazo ndipo sindichita manyazi kunena.

Koma musanapite kukazithetsa ndalamazi, ana inu, pali funso limene munkandifunsa muli aang'ono, ine n'kumalizemba. Munkati, agogo, bwanji mumawatchula amayi athu kuti "amayi" pomwe ndi mwana wanu? Lero ndikuyankhani, chifukwa nkhani yake ndi ya ndalama zomwezi.

Ndalama yoyamba imene ndinaigwira inali khobidi la chiboo pakati. Inde, chiboo chenicheni, chosuzumirapo. Ndinkalimanga pa chingwe m'khosi chifukwa kabudula wanga analibe thumba, ngakhale ndinali mwana wa telala. Panalinso tiki, kakang'ono ngati chikhadabo, kamene kakagwa pa mchenga munkasaka mudzi wonse. Panali sikisi, panali sheleni. Bambo anga ankasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye kwathu ku Ntcheu, ndipo kwa iwo ndalama sinali yogulira zinthu chabe, inalinso chida. Akafuna kuzungulitsa nsonga ya kolala ankaika sheleni pansalu n'kulemberera ndi choko. Akasoka diresi la amayi a kutchalitchi ankabisa makobidi mu mpendero, kuti mphepo isawachititse manyazi panjira. Ankandiuza kuti nsalu yopepuka imafuna kanthu koikokera pansi, apo ayi imapita kumene mphepo yafuna. Ine ndinkangomva za nsalu, sindinkadziwa kuti ndidzakula wopepuka chomwecho.

Amayi anga, mayi Enelesi, ndalama zawo ankazimanga pa nsonga ya chitenje. Mfundo yake inali yoti ngakhale wakuba akanatuluka nayo thukuta. Akafuna kugula mchere ankaimasula ndi mano, pang'onopang'ono, wogulitsa akudikira, mzere wonse ukudikira. Amayi sankathamangitsidwa ndi munthu. Ukali wanga umene mumaudandaulawu ndinautenga kumeneko, koma wanga ndi wosungunula ndi madzi. Wawo unali wosakuwa. Akakwiya ankangotseka pakamwa, ndipo nyumba yonse inkazizira.

Bambo atamwalira, makina awo osokera anakhala miyezi atafundidwa nsalu. Amayi anati makinawo sachoka pakhonde paja, ine ndikhale pa mpando wa bambo ndizisoka pomwepo. Koma ine ndinali nditamva kwa anzanga kuti ku Botswana kukumangidwa tauni yatsopano, anthu ali ndi ndalama koma matelala ndi ochepa. Ndinapempha kawiri, anakana kawiri. Tsiku lina ali kudimba ndinamasula mutu wa makinawo, ndinauika m'thumba la chimanga, n'kukwera basi osatsanzika. Musayang'anane, ndikunena ndekha: ndinaba makina a bambo anga, ndipo ndinathawa amayi anga masana dzuwa likuswa mtengo. Makina ake ndi omwewa, amene Lesedi waikapo chigongono.

Ulendo wake sunali wa masiku ano woti mumadya m'mawa ku Gaborone, madzulo muli ku Lilongwe. Ndinadutsa ku Mchinji, ku Chipata, ku Lusaka, mpaka ku Kazungula, kumene lero kuli mlatho wokhota uja munajambulitsapo zithunzi. Nthawi imeneyo tinkaoloka pa pantoni, malole ndi anthu pamodzi, madzi akuwinduka mbali zonse. Ine ndinakumbatira thumba langa n'kumapemphera kuti ngati ndi chilango chisandipezere pamadzi. Kuchokera pamenepo ndinakwera lole mpaka ku Francistown, kenako sitima. Ndinatsika kuno miyendo itatupa, ntchafu zili ndi zipsera za makina.

Chinthu choyamba chimene chinandidabwitsa m'dziko lino ndi ndalama zake. Ndinagula buledi pasiteshoni, anandibwezera chenji, ndipo ndinakhala pansi n'kumazitembenuza. Iyi ili ndi mbidzi, iyi nkhwazi, iyi ng'ombe ya linunda. Ya mphalabungu ija, imene anzanu amati phane, inabwera pambuyo pake. Ndinafunsa munthu kuti pula, dzina la ndalamazi, ndi chiyani, anandilozera kumwamba kopanda mtambo ngakhale umodzi n'kuti ndi mvula. Ndinati anthu awa mvula amailemekezadi. Nditakhala chaka chimodzi ndikumeza fumbi ndinamvetsa chifukwa chake.

Ndinapeza kachipinda kakuseri kuno ku Broadhurst, ndinapangitsa thebulo, ndinayamba kusoka. Ndinkalemba makalata kwathu mwezi uliwonse. Ankayankha ndi mlongo wanga Esinati, ndipo kalata iliyonse inkathera pa mawu omwewo: amayi ali bwino. Moni wochokera kwa amayi eniake munalibe. Ndinawasokera diresi labuluu la mabatani okutira, ndinalitumiza ndi munthu. Esinati analemba kuti alilandira, aliika pansi pa sutikesi. Zinapita choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakwatira agogo anu aakazi, amene tinadziwana kutchalitchi, ndipo pa ukwati wathu panalibe mawu a amayi.

Makalata amenewa ankafikira m'bokosi la ku positi la kasitomala wanga wina, MmaDineo. Paja kuno mayi amatchulidwa ndi dzina la mwana wake. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, wamasiye, wokhala yekha ku Extension 2 m'nyumba ya mawindo akuluakulu. Anali wamfupi, wa mawu a m'kalasi, ndipo ngakhale ine wandevu ankandiyankhula ngati ndaiwala homuweki. Anandipatsa ntchito yosoka makatani a nyumba yonse. Nditawapachika inali nyengo ya mphepo ya Ogasiti, ndipo makataniwo ankauluka mpaka kukagwetsa maluwa pathebulo. Ndinamuuza nzeru ya bambo anga ija. Iye analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chitini cha mkaka chodzaza ndalama zachitsulo. Anati mwamuna wake akaweruka ankakhuthulira chenji m'menemo tsiku ndi tsiku, ndipo chimwalirireni iye sanachitsegule. Anati, "Zisokere m'menemo, rra. Azigwirabe ntchito m'nyumba mwake." Ndinasankha zolemera, za fifite thebe, za twente-faifi ndi mapula angapo, n'kuzisokera m'makona ndi m'mipendero monse. Makatani aja anaima chilili ngati asilikali.

Tsopano tafika pa amayi anu. Anabadwa m'nyengo yotentha, ali ndi tsitsi lambiri ndi mawu aakulu. Anamwino anafunsa dzina loti alembe pa khadi, ine ndinati lidikire. Kwathu mwana woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna, ndipo bambo atapita, udindowo unali wa amayi. Ndinalembera Esinati tsiku lomwelo. Sabata inatha, yachiwiri, yachitatu. Anansi athu ankangomutchula kuti nnana, ndiye kuti khanda. Kusikelo anamwino ankaseka, amvekere Amalawi mwana mumayamba mwamuyesa kaye musanamutche? Agogo anu aakazi anapirira mpaka sabata yachisanu, kenako anandikhazika pansi.

"Bambo a mwana, ine sindinabe makina a munthu," anatero. "Mwana wanga asakhale wopanda dzina chifukwa cha mlandu wa inu ndi amayi anu. Lachiwiri likudzali ndi tsiku la sikelo. Likafika palibe yankho, ndikamulembetsa dzina ndekha."

Sindinawatsutse chifukwa ankanena zoona. Koma ndinkadziwanso kuti mwana akatchedwa dzina amayi atadumphidwa, ndiye kuti ndawathawa kachiwiri, ndipo ulendo uno sipadzakhalanso pobwerera. Ndinkachita mantha kwambiri.

Loweruka m'mawa ndinakwera kombi kupita kwa MmaDineo kukafunsa za makalata. Ndinafika cha m'ma teni koloko, iye n'kundilonjera m'Chitswana.

"Dumela, rra. Ilipo imodzi, yafika dzulo," anatero, n'kundipatsa envelopu yamakwinya.

Ndinaiwerenga nditaimirira pakhonde, ndipo mawu ake ndimawakumbukirabe. "Achimwene, amayi amva za mwana. Masiku atatu sananene kanthu. Kenako ati adzapita ku positi ofesi ya pa boma Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa, adzakhala pa benchi kuyambira leveni koloko mpaka potseka. Ati mukafuna muimbe foni, mukapanda kuimba iwo adziwa. Nambala yake ndi iyi." Ndinayang'ana deti la pamwamba. Kalatayo inali itayenda masabata atatu, ndipo Loweruka lachiwirilo linali tsiku lomwelo.

Ana inu, kuchokera kumudzi kwathu kufika pa boma ndi maola awiri wapansi, ndipo amayi anali ndi vuto la mawondo. Pamene ine ndinkawerenga kalatayo, iwo anali kale panjira. Ku positi ankatseka thwelofu koloko. M'thumba mwanga munali ya kombi yobwererera yokha. Foni masiku amenewo inali m'nyumba zowerengeka, ndipo kwa MmaDineo kunalibe. Ife tonse tinkaimbira m'tinyumba ta foni, toponyamo ndalama zachitsulo, ndipo foni yopita kunja kwa dziko inkameza ndalama ngati nkhuku pa chimanga. Ndinakhala pansi pa sitepe.

MmaDineo anandilanda kalatayo ngakhale sankadziwa Chichewa, n'kundiuza kuti ndimasulire. Tinkayankhulana Chizungu chosakaniza ndi Chitswana changa chothyokathyoka. Ndinamasulira, ndipo za makina ndinaululanso, chifukwa pamaso pa mayi ameneyo sunkatha kubisa kanthu. Anatsegula kachikwama kake, munali mathebe ochepa. Ndalama zake zinali kubanki, ndipo mzere wa kubanki Loweruka ukanadya ola lonselo. Anaima pakati pa balaza, manja m'chiuno. Kenako ndinamuona akuyang'ana makatani.

"Uli ndi lezala?" anafunsa.

"Mma, zimenezo ndi za malemu amuna anu."

"Ndakufunsa za lezala, sindinakufunse za amuna anga."

Telala sayenda wopanda lezala. Tinagwada pansi, ine ndikudula ulusi, iye akufinya mipendero, ndalama zikugwera mu mbale yachitsulo. Ndinadzitukwana tsiku limenelo chifukwa chosoka bwino. Msoko uliwonse ndinali nditaubwereza kawiri, monga anandiphunzitsira bambo. Tinayamba pabalaza, tinalowa kuchipinda chodyera, mpaka kuchipinda chake chogona kumene mwamuna wachilendo sakanayenera kupondako. Potuluka inali itadutsa kale leveni koloko.

Tinayenda chothamanga kupita ku Main Mall, iye atavala masilipasi, mbale itaphimbidwa ndi kansalu ngati tikukapereka chakudya kwa wodwala. Pa kanyumba ka foni panali anthu atatu. MmaDineo anawayankhula ndi mawu ake a m'kalasi aja, ndipo awiri anapatuka. Wachitatu anali bambo wa ovolosi ya penti, ali ndi ndalama imodzi m'manja. Anang'ung'udza kuti nayenso ali ndi zofunika, kuti alendo awa atha malo paliponse. Anapatuka ndithu, koma anaima pafupi n'kumatiyang'ana ndi diso loipa.

Ndinazungulitsa nambala. Kunamveka phokoso ngati la mphepo, kenako kulira kwa foni kutali kwambiri. Anayankha bambo wa pa positi. Nditangomva "Halo, kuno ndi ku Ntcheu" m'Chichewa cha kwathu, tsitsi linandiimirira. Ine ndili mu Gaborone, ulendo wa masiku asanu, ndipo mawu a munthu wa kwathu ali m'khutu mwanga chifukwa cha kachitsulo ka chithunzi cha nkhwazi. Ndinanena dzina la amayi. Ndinamumva akuitana, "Mayi Enelesi, foni yanu ija." Kenako ndinamva mapazi akukhwekhwereza pa simenti, pang'onopang'ono. Foni inameza ndalama ziwiri amayi asanafike n'komwe.

"Halo," anatero mokweza, chifukwa inali nthawi yawo yoyamba kugwira foni. "Ndi Faisoni?"

"Ndine, amayi."

"Muli bwanji kumeneko?"

"Tili bwino, kaya inu amayi?"

"Ife tili bwino, mawondo okhawa. Akazi anu adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino."

"Nanga makolo awo?"

Inu mukuseka, koma amayi sankadziwa kuti mawu aliwonse akudya ndalama. Kwa iwo munthu sungayambe nkhani moni usanathe, ndipo moni wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi wautali. Anandiuza za mvula ya chaka chatha. Anandiuza kuti denga la khitchini linagwa, kuti ng'ombe ya amalume inathyoka mwendo, kuti a Nachisale oyandikana nafe aja anatisiya. Pa maliro pamafunika kupepesa, ndiye ndinapepesa. MmaDineo anali pambali panga akuponya ndalama imodziimodzi, ndipo iliyonse ndinkaimva ikugwera m'mimba mwa foni. Mbale ija inayamba kuoneka pansi. Anandigwira mkono n'kunong'ona, "Bua, rra, bua," kutanthauza kuti yankhula. Koma ndikanayankhula bwanji? Mwana amene anaba n'kuthawa sangauze mayi ake kuti fulumirani. Ndikanangotero, akanaika foniyo pansi n'kubwerera kumudzi, ndipo ndikanawamvetsa.

Kenako anati, "Makina aja akusoka?"

"Akusoka, amayi."

"Mumathira mafuta?"

"Ndimathira."

"Bambo anu ankathira Loweruka lililonse."

Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinati, "Amayi, ndinalakwa. Ndinatenga makina, ndinachoka osatsanzika. Ndikhululukireni."

Anakhala chete. Ndi chete uja wa kunyumba, amene ndinkamudziwa kuyambira ndili mwana, koma tsopano anali wolipira. Ndalama inagwa. Ina inagwa. Ndinkamva kupuma kwawo, ndinkamva munthu akudinda masitampa kumbuyo kwawo. MmaDineo anaponya yomaliza n'kundionetsa mbale yopanda kanthu. Posakhalitsa foni inayamba kulira kakulira kochenjeza kuti nthawi yatha, amayi asananene kanthu. Ndinatseka maso.

Ndiye ndinamva mkono ukudutsa paphewa panga, wonunkha penti. Bambo wa ovolosi uja anaponya ndalama yake ija. Anangoti, "Fetsa, rra," ndiye kuti maliza. Kulira kuja kunasiya.

"Mwanayo akuti ndi wamkazi?" anatero amayi.

"Ndi wamkazi."

"Ndi Enelesi ameneyo. Poti inu simubwera kuno, ndabwera ndine kumeneko. Mundisamale bwino, ndimakwiya msanga."

Ndinati, "Zikomo amayi," ndipo sindikudziwa ngati anamva, chifukwa foni inaduka pomwepo. Ndinaima nditagwirabe chogwirira cha foni, ndikulira pagulu, pakati pa tauni, ndevu zili pepepe. Nditacheuka kuti ndithokoze, bambo uja anali akupita, manja m'matumba. Foni yake sanaimbe. Ndinakuwa kuti "Ke a leboga, rra," iye anangokweza dzanja osacheuka. Dzina lake sindilidziwa mpaka lero. Nthawi zina ndimaganiza kuti kodi ankafuna kuimbira ndani, ndipo munthuyo anadikira mpaka liti.

Apa ndiye pamene ndimakakamira, Tadala, ndipo anzako a mbali inayo akakhala ochenjera akakufunsa zomwezi. Munthu uja sankandidziwa, sankandikonda n'komwe. Analibe nambala yanga, analibe nthawi yofunsa dzina. Anali ndi kachitsulo kamodzi m'manja ndi kamphindi kamodzi kosinthira mtima, ndipo zinakwana. Sindikudziwa ngati za m'fonizi zimatha kudutsa paphewa la mlendo mofulumira choncho. Mwina zimatha, inu ndi amene mukudziwa.

Pobwerera tinapeza makatani onse akuuluka, mipendero ili lendelende. Ndinayamba kupepesa, koma MmaDineo anakhala pampando n'kuseka mpaka kupukuta misozi. Anati, "Mwamuna wanga anali wosayankhula. Zaka zonse zija ndinkachita kumukoka mawu. Lero wayankhula mpaka ku Malawi." Sabata yotsatira ndinakatola ku galaja mawashala, tizitsulo ta chiboo pakati, n'kuwasokera m'malo mwa ndalama zija. Anagwira ntchito bwinobwino, ngakhale iye ankati makataniwo asiya ulemu.

Nditafika kunyumba ndinapeza agogo anu aakazi akuyamwitsa. Ndinagwada pafupi ndi mwana n'kunena kuti, "Amayi, mwafika bwino?" Agogo anu anandiyang'ana ngati ndapenga, kenako anamvetsa, ndipo nawonso analira. Lachiwiri dzina linalembedwa pa khadi. Kuyambira tsiku limenelo sindinamutchulepo mwana wangayo dzina lake. Ndingatchule bwanji amayi anga dzina? Ndipo za kukwiya msanga zija, inu ndi mboni, sindikuwonjezera.

Patapita mwezi kunabwera envelopu ina, yolemera mbali imodzi. Kwathu wotcha mwana dzina amamupatsa kanthu m'manja, apo ayi dzinalo silinakhazikike. Munali kansalu kong'ambidwa ku chitenje, komangidwa mfundo. Ndinayesa ndi zala, ndinalephera, mpaka ndinamasula ndi mano. Munali wani tambala, yofiirira, ya chithunzi cha tambala. Ngakhale nthawi imeneyo sikanagula kanthu kooneka, ndipo kuno sikanagula chilichonse. Ndinaiika m'dzanja la amayi anu, ndipo anaifumbata mwamphamvu moti tinachita kuwanyengerera kuti asaiike m'kamwa. M'kalatamo Esinati analemba kuti tsiku la foni lija amayi anavala diresi labuluu, ndipo panjira yonse ankauza aliyense kuti anasoka ndi mwana wawo wa ku Botswana.

Ndinkati ndipita kwathu mvula ikatha, ndikawaonetse mnzawo wa dzina. Mvula isanathe amayi anadwala masiku anayi n'kumwalira. Uthenga unandipeza ataikidwa kale. Choncho mawu aja, ogulidwa ndi ndalama za m'makatani ndi imodzi ya mlendo, ndiwo omaliza amene ndinawamva kwa iwo. Zimandipwetekabe, ndipo ndimathokozabe, zonse ziwiri.

Inu masiku ano mumaimbira asuweni anu a ku Blantyre mukuonana nkhope, ola lathunthu, nkhani yake ya tsitsi. Sindikunyoza ayi, ndimasirira. Ndikakuonani ndimaima pakhomo n'kumadabwa kuti zoterezi zachitika ndili moyo. Zikanakhalapo nthawi imeneyo ndikanaona diresi lija atalivala. Tinyumba ta foni tinachotsedwa ndipo palibe anatilira. Ndalama zachitsulo nazonso mwina zidzatsatira, ndipo dziko silidzagwa. Ndiye pita ukatsutse mwamphamvu, ukapambane, usakandichititse manyazi.

Koma usanapite, dzuka. Pita pa katani ilo la pawindo la kumsewu, limene umalikoka tsiku lililonse ukamasuzumira anzako. Gwira kona ya kumanzere, pansi. Imeneyo ndi washala. Tsopano gwira ya kumanja. Yaing'ono, eti? Yopanda chiboo. Lesedi, nawenso bwera ugwire. Musadule ulusi, ingoifinyani ndi zala mumve. Katani ili ndalisintha kanayi chisamukireni m'nyumba ino, koma imeneyo ndimaisamutsa nthawi zonse. Akadzazithetsa zonse, kubanki akadzati bweretsani zotsala, imeneyo musadzapereke. Si yanga, ndi ya mwini dzina.

Imvani, galimoto yaima panja. Siyani katani, kawatsegulireni geti, amayi afika.